Lekani kusema flywheel, galimoto si nyanga ya nsatsi

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga pa phunziro la Physical Science, lero ndabwera ndi nkhani ya galimoto. Ena mudabwa kuti munthu wa choko walowa bwanji m'galaja. Ndalowamo chifukwa chimene ndikufuna kutsutsa chikuphwanya Physics yomwe ija tinkalemba pabolodi, ndipo amene akuiphwanya ndi anyamata athu omwe, ena mwa iwo anakhoza mayeso bwinobwino.

Nkhani yake ndi iyi. Pakati pa anyamata okonda kusintha magalimoto kuti azithamanga pali chikhulupiriro chakuti ukapeputsa flywheel, injini imawonjezera mphamvu. Amene ali ndi ndalama amaitanitsa flywheel yopepuka kuchokera ku South Africa kapena ku Japan. Amene alibe amamasula yomwe inabwera ndi galimoto n'kupita nayo kwa munthu wa lathe kuti akaiseme kumsana mpaka ipepuke. Ine sindizungulira. Yogulayo, pa galimoto yopitira kuntchito ndi kumudzi, ndi kutaya ndalama. Yosemayo ndi bomba loikidwa pafupi ndi mapazi a anthu, ndipo wosemetsa ndi wosema onse awiri ndi olakwa.

Tiyambe ndi kudziwa chinthu tikukambachi. Amene munapitapo kuchigayo cha dizilo munaona chigudumu cholemera chili m'mbali mwa injini, chimene wachigayo amapukusa ndi handulo mpaka injini italira. Imeneyo ndiye flywheel. Makina osokera opalasa ndi mapazi alinso nayo pansi pa tebulo. M'galimoto ya giya yamanja ilimo, kungoti inabisika pakati pa injini ndi giyabokosi. Za otomatiki, zomwe ndi zambiri mwa zochokera ku Japan masiku ano, zili ndi kambale kopyapyala kotchedwa flexplate, choncho nkhani ino ikukhudza makamaka za kilachi.

Ntchito yake njotani? Pisitoni imayenda maulendo anayi: kukoka mpweya, kuupanikiza, kukankhidwa ndi moto, ndi kutulutsa utsi. Pa anayiwo, ulendo umodzi wokha ndiwo umapereka mphamvu, atatu enawo amadya. Injini ya masilinda anayi imalandira chikankho kawiri kokha pa kuzungulira kumodzi kwa crankshaft. Flywheel imasunga mphamvu ya chikankhocho n'kuibweza pamene palibe chikankho, kuti injini izizungulira mosalala. Ndi pa flywheel pomweponso pamene kilachi imagwira, ndipo gawo la kutentha kobwera kilachi ikamakhulana nayo limalowa m'chitsulo chake. Mano a m'mphepete mwake ndi amene sitata imaluma poliza injini. Kulemera kwake sikunabwere mwangozi ayi. Anthu anakhala pansi n'kuwerengera.

Tsopano bodza loyamba, lakuti flywheel yopepuka imawonjezera mphamvu. Ana anga, tinkati chiyani za mphamvu? Sipangidwa, siwonongedwa, imangosintha maonekedwe. Mphamvu ya injini imachokera ku petulo wopsa m'masilinda. Flywheel siwotcha petulo ngakhale dontho. Ndi nkhokwe chabe, ndipo kuchepetsa nkhokwe sikuchulukitsa chimanga cha m'munda.

Koma ndisanamize, phindu lilipo, ndipo tiyeni tiliwerengere kuti tione kukula kwake. Titenge flywheel ya makilogalamu 8, yotalika masentimita 30 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ndipo tiitenge ngati mbale yosalala kuti masamu aphweke. Ndi kukula kofanana ndi kwa magalimoto ang'onoang'ono amene timayendera. Tiichotse theka la kulemera. Mu giya 1, pamene injini imazungulira ka 14 kuti tayala lizungulire kamodzi, galimoto idzamva ngati mwatsitsa makilogalamu pafupifupi 100, matumba awiri a chimanga. Zimenezo woyendetsa amazimva ndithu. Koma mu giya 5, pamene injini imazungulira katatu kokha pa kuzungulira kumodzi kwa tayala, phindu lija limatsika kufika pa makilogalamu 5. Kapaketi ka ufa! Liwiro lomaliza la galimoto silisintha n'komwe. Ndiye kuti pa msewu wa M1, pamene mumakhala mu giya 4 kapena 5 kwa maola, mwagula mphepo. Chimene mwapeza ndi singano ya ma rev yokwera msanga mukaponda mafuta galimoto itaima pa sitolo, atsikana n'kucheuka.

Pa bwalo la mpikisano, pamene woyendetsa amasintha magiya mphindi iliyonse ndipo opambana amasiyana ndi kachigawo ka sekondi, phindu limeneli ndi lenileni. Koma ife tikuyendetsa kuti? Mumzere wa magalimoto pa Chipembere Highway nthawi yoweruka, pa zitunda za Thyolo, pa mapiri a Chiweta, galimoto itadzaza achibale ndi katundu. Kumeneko n'kumene flywheel yolemera imagwira ntchito yake. Ponyamuka pa chitunda, mphamvu yosungidwa mu flywheel ndi imene imathandiza galimoto kudzuka injini isanazime. Mukaichepetsa, injini imazima msanga, ndiye woyendetsa amaphunzira kuponda mafuta kwambiri ndi kusiya kilachi pang'onopang'ono. Kilachi ikukhulana nthawi yaitali, kutentha kukuchuluka, ndipo chitsulo cholandira kutenthako mwachichepetsa ndi manja anu omwe. Zotsatira zake ndi kilachi yotha msanga, flywheel yokhala ndi mawanga abuluu ndi timing'alu ta moto. Injini ikamalira galimoto itaima imanjenjemera, mukayatsa AC imafuna kuzima, ndipo pa magalimoto ena kompyuta imasokonezeka n'kuyatsa nyali ya check engine poganiza kuti silinda ina sikuyaka.

Pali enanso amene amachotsa flywheel ya magawo awiri, yotchedwa dual mass, n'kuika ya chitsulo chimodzi chopepuka. Mtundu wa magawo awiriwu unayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1985 ndi kampani ya LuK ya ku Germany, ndipo uli ndi masipuling'i m'kati amene amameza kugwedeza kwa injini kusanafike ku giyabokosi. Ndi wodula, ndikuvomereza, ndipo ukatha umaliza munthu. Koma mukauchotsa, kugwedeza kuja sikuthawira kumwamba. Kumapita ku mano a magiya, n'chifukwa chake galimoto zotere zimalira gwedegwede zikaima, makamaka za dizilo. Mwapulumutsa ndalama pa flywheel kuti mukazilipire pa giyabokosi.

Zonse ndanenazi ndi za thumba la mwini galimoto, ndipo pamenepo ndikanatha kungonena kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Koma flywheel yosema sifotera mwini wake yekha, ndipo apa ndiye pagona mkwiyo wanga.

Flywheel zambiri zobwera ndi galimoto ndi za cast iron, chitsulo chosungunula n'kuthira m'chikombole. Ndi chitsulo chonga cha simbi zakale za makala zija. Chimapirira kutentha ndi kupanikizidwa, koma sichipirira kukokedwa, ndipo sichipindika ngati msomali. Chikafika polephera chimangosweka ngati mbale yadothi, popanda chenjezo. Tsono chinthu chikamazungulira, mbali zake zonse zimakokedwa kuti zithawe pakati. Kukokako sikukwera mofanana ndi liwiro ayi, kumakwera ndi square ya liwiro. Mukachoka pa 3,000 rpm kufika pa 6,000 rpm, liwiro lawirikiza kawiri koma kukoka kwawirikiza kanayi. Ndipo amene amasemetsa flywheel ndi omwewo amene amakonda kufikitsa singano pofiira.

Tiwerengerenso ndi flywheel yathu ya masentimita 30 ija. Pa 7,000 rpm imazungulira ka 117 pa sekondi imodzi. M'mphepete mwake mukuthamanga mamita 110 pa sekondi, omwe ndi makilomita pafupifupi 400 pa ola. Mphamvu yosungidwa m'menemo, isanasemedwe, ndi ma joule pafupifupi 24,000, yofanana ndi thumba la makilogalamu 50 logwa kuchokera pa mamita 50 m'mwamba. Chidutswa cha theka la kilogalamu chikathothoka m'mphepete pa liwiro limenelo chimanyamula ma joule 3,000. Chipolopolo cha AK-47 chimatuluka mumfuti ndi ma joule pafupifupi 2,000. Tengani cholembera muwerengere nokha, formula yake ndi yomwe ija, theka la mass kuchulukitsa ndi square ya liwiro.

Nanga chotchinga zidutswa zimenezi n'chiyani? Ndi chigoba cha giyabokosi chimene chimaphimba flywheel, chomwe pa magalimoto ambiri ndi aluminiyamu wa mamilimita ochepa, wopangidwira kugwira giyabokosi ndi kutchinga fumbi. Pa galimoto zoyendera matayala akumbuyo, monga BMW kapena Toyota Altezza, chigoba chimenechi chili pafupi ndi mapazi a woyendetsa ndi a wokhala pambali pake. Pa zoyendera matayala akutsogolo, monga Corolla, injini inagona chopingasa, choncho zidutswa zimatha kuboola boneti, kuswa radiator, kapena kudula mapaipi a mabuleki ndi a petulo galimoto ili pa liwiro. Woima m'mbali mwa msewu nayenso sanavomere kulowa nawo mu juga imeneyi.

Munthu wa lathe anganene kuti, "Ine ndasema zambiri, palibe yomwe inasweka." Ndikumulemekeza, chifukwa amisiri athu a ku Ndirande ndi ku Biwi amadzutsa magalimoto amene kwina akanatayidwa kale, ndipo popanda iwo ambirife tikanayenda pansi. Koma pa nkhani iyi luso la manja silikwanira. Cast iron imatha kukhala ndi timibowo m'kati timene maso saona. Flywheel imene yayenda zaka 15 imakhala kale ndi timing'alu ta moto. Mpeni wa lathe ukasiya ngodya yakuthwa, pamenepo ndi pamene mng'alu umayambira, monga momwe nsalu imang'ambikira pamene mwayambitsa ndi lumo. Mng'aluwo umakula pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo. Flywheel ikhoza kuyenda miyezi isanu ndi umodzi bwinobwino n'kusweka mwezi wachisanu ndi chiwiri, nthawi imene wosema anaiwala kale nkhope ya kasitomala. Kusamva kuti inasweka si umboni wakuti ili bwino.

Ndiye pali nkhani ya balansi. Mukasema n'kusiya mbali imodzi yolemera ndi magalamu 10 okha m'mphepete, pa 7,000 rpm magalamu amenewo amakoka crankshaft ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 80, ndipo kukokako kukuzungulira ka 117 pa sekondi. Tangoganizani bambo wamkulu akulendewera pa crankshaft yanu n'kumaigwedeza motero. Mabering'i amatha, oil seal yakumbuyo imayamba kudontha, mabawuti amamasuka. Kukonza balansi kumafuna makina ake apadera. Kuzunguza flywheel pa chitsulo n'kuyang'ana ndi maso si balansi.

Apa ndisiyanitse zinthu ziwiri, kuti wina asanditengere pena. Posintha kilachi, makanika wabwino amatha kupala pang'ono nkhope ya flywheel kuti isalale, motsatira malire amene opanga galimoto anaika. Imeneyo ndi ntchito yoyenera. Chimene ndikutsutsa ndi kusema makilogalamu athunthu kumsana kwake kapena kuiboola mabowo akuluakulu kuti ipepuke.

Anyamata athu amati akutengera a mipikisano ya ku America, amene anawaona m'mafilimu onga The Fast and the Furious ya mu 2001. Chabwino, tiyeni tipite ku America komweko tikaone zimene eni masewerawo amachita. Pa 8 Malichi 1970, pa bwalo la Lions Drag Strip ku California, giyabokosi ya galimoto ya katswiri Don Garlits inaphulika ponyamuka. Inadula galimotoyo pakati ndipo inamuchotsa gawo la phazi lakumanja. Chinaphulikacho chinali giyabokosi, koma phunziro ndi lomwelo la chitsulo chozungulira pafupi ndi miyendo. Garlits atachira anapanga galimoto ya injini kumbuyo kwa woyendetsa, napambana nayo mu 1971, ndipo anzake onse anatsatira. Bungwe loyendetsa mipikisano yotere la NHRA lili ndi lamulo lakuti galimoto yotha mamita 402 m'masekondi 11.49 kapena kucheperapo iyenera kukhala ndi flywheel ndi kilachi zovomerezedwa ndi bungwe la SFI Foundation, komanso chigoba chapadera chokhuthala chotha kugwira zidutswa zikaphulika. Muone bwino: ngakhale flywheel itayesedwa n'kupatsidwa chiphaso, amaitchingabe. Anthu amenewa amakonda liwiro kuposa ife tonse, koma anaika maliro okwanira kuti aphunzire. Ife tatengako phokoso ndi zomata pagalasi, malamulo awo tawasiya komweko.

Ndi chimodzimodzi ndi ana anga amene muli ku Johannesburg ndipo mumapita kukaonerera spinning, kumene BMW 325i, imene kumeneko amaitcha gusheshe, imazungulira pamalo amodzi injini ikulira pofiira kwa nthawi yaitali, anthu ataunjikana m'mbali. Kusangalala sindikuletsani. Koma mukabwera kumudzi ndi maganizo oyesa zomwezo ndi Corolla ya flywheel yosema, pa bwalo la mpira ana atazungulira, ndiye kuti mwabweretsa masewera mwasiya chitetezo chake.

Nanga flywheel yopepuka yogula? Apa ndinene chilungamo. Yopangidwa bwino ndi chitsulo cha chromoly, yochokera ku kampani yodziwika, ndi yolimba kuposa ya cast iron yobwera ndi galimoto. Pa nkhani ya kuphulika, imeneyo sindikuiopa. Ya aluminiyamu imafuna kusamala kwambiri, chifukwa aluminiyamu akatentha amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho mano a sitata ndi mbale yogwira kilachi, zomwe ndi zachitsulo, zimachita kumangiriridwa, ndipo chomangirira chilichonse chikhoza kumasuka. Vuto lalikulu ndi lakuti pa intaneti pali zambiri zotchipa zopanda dzina, zonyezimira bwino pa chithunzi, zimene simudziwa kuti ndi chitsulo chanji ndipo anaziyesa ndani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ngakhale yabwino imasanduka yoopsa ikamangidwa molakwika. Pa injini zambiri mabawuti a flywheel ndi omanga kamodzi kokha chifukwa amatamuka pomanga, ndipo amafuna torque wrench ndi muyeso wolembedwa m'buku la galimotoyo. Kumanga ndi sipanala yowonjezera paipi mpaka mnyamata wa m'galaja atatuluka thukuta si muyeso.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi chakuti flywheel siioneka. Woyeza galimoto kuti apereke COF amaona mabuleki, nyali, matayala ndi zina zakunja, koma sangatsitse giyabokosi. Mnyamata akatopa nayo galimoto amaigulitsa, ndipo sanena kanthu. Wogula amakhala ndani? Kawirikawiri ndi munthu ngati inu ndi ine, mphunzitsi amene watenga ngongole ku SACCO kuti apeze kagalimoto kotengera ana kutchalitchi ndi mayi kuchipatala. Wagula bomba la mnzake osadziwa. Kugulitsa galimoto ya flywheel yosema osamuuza wogula ndi chinyengo, ndipo mwazi ukakhetsedwa uli pamutu pa wogulitsayo.

Choncho anzanga ogula magalimoto akale a giya yamanja, tcherani khutu. Singano ya ma rev ikamakwera ndi kutsika mofulumira modabwitsa, galimoto ikamazima msanga ponyamuka ngakhale ndinu woyendetsa wakale, ikamalira gwedegwede itaima koma n'kusiya mukaponda kilachi, funsani mwini wake mosanyengerera kuti anakhudza flywheel kapena ayi. Zizindikirozi zikhoza kukhala ndi zifukwa zina, koma safunsa anadya phula. Tsiku losintha kilachi, uzani makanika amasule flywheel muione kumsana ndi maso anu. Timabowo tosaya ta m'mphepete ndi ta balansi ya kufakitale, musadabwe nato. Koma mukaona mizere ya lathe kumsana konse, kapena ming'alu, itayeni. Yosasema yochokera m'galimoto yophwasula, mutaiyang'anitsitsa bwino, ndi yotchipa kuposa ndodo zoyendera.

Kwa inu ana anga okonda liwiro, mawu anga ndi awa. Ngati mukufuna galimoto yomvera, yambani ndi matayala abwino, mabuleki, mashokabu ndi sevisi ya panthawi yake. Tsitsaninso chi speaker cholemera chili m'buti chija, phindu lake limamveka mu giya iliyonse. Ngati mtima wanu uli pa mpikisano weniweni, gulani flywheel yachitsulo yokhala ndi chiphaso, mabawuti atsopano, mumange ndi torque wrench, muike chotchinga, ndipo mukathamangire pa malo otsekedwa pomwe aliyense wabwera akudziwa zimene wadzera. Ngati ndalama za zonsezi mulibe, ndiye kuti ndalama za flywheel yopepuka mulibe. Njira yachidule ya lathe isakhalepo m'maganizo mwanu.

Kwa amisiri a lathe, ena mwa inu munakhalanso m'kalasi mwanga. Mnyamata akabwera ndi flywheel kuti muipeputse, mubwezereni. Ndalama yake mudzaidya tsiku limodzi, koma phazi la munthu silimeranso.

Ndipo kwa aphunzitsi anzanga a Physics ndi Masamu, masamu a liwiro la m'mphepete ndi mphamvu ya chidutswa ali pamwambawa ndi a Folomu 3 ndi 4. Mukafika pa kinetic energy, siyani kaye mpira wogubuduzika pa thabwa uja, muwapatse ana flywheel ya masentimita 30 pa 7,000 rpm awerengere okha liwiro la m'mphepete ndi mphamvu ya chidutswa chimodzi. Mwana amene wapeza yekha makilomita 400 pa ola pa pepala lake sadzalola munthu kumusemera chitsulo chimenecho.